Kuponi ya Fainala

A Lameki Chadza anali okonza njinga pa Chamama, koma mukadafunsa anthu akadakuuzani kuti ntchito yawo yeniyeni inali yokonza dziko. Njinga ya munthu inkatha kugona chagada kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwini wake ali chilili, a Lameki sipanala ili m'manja akulongosola mmene boma liyenera kuyendera. Anthu anawapatsa dzina loti Phungu Wopanda Galimoto, ndipo iwo sanalikane.

Maganizo awo sanali ovuta kumva. Mwini esiteti alime fodya, akagulitse ku okushoni, agule lole, iwo analibe naye kaduka. Chimene ankakana n'chakuti tenanti amene wasoka fodya chaka chonse abwerere kwawo chimanjamanja. Ankati msonkho wa olemera uzigula mankhwala a kuchipatala ndi choko cha kusukulu, komanso mkazi wa chitengwa akaferedwa asamathamangitsidwe pamunda. Za zipani sankalowerera. Nsalu iliyonse imene andale ankawapatsa, kaya ndi yamtundu wanji, ankapukutira girisi.

Makuponi a feteleza wotsika mtengo atayamba, a Lameki ankayenda monyang'wa ngati boma lachita kufunsira nzeru kwa iwo. Vuto linali lakuti makuponiwo ankabwera ochepa pamene mabanja anali ambiri. Ndiye kumudzi kwawo anthu anapangana lamulo lawolawo: kuponi ndi ya munthu wapamudzi, ndipo wapamudzi amadziwika ndi ntchito ya chitukuko. Chaka chimenecho ntchitoyo inali youmba njerwa za nyumba ya aphunzitsi.

Kumapeto kwa mudziwo kunkakhala mayi wamasiye dzina lake Fainala. Mwamuna wake, tenanti wochokera ku Phalombe, anamwalira pa esiteti yoyandikana nawo, n'kumusiyira ana atatu. Iye anabwereka kamunda kamchenga komwe chimanga chopanda feteleza chimangolekeza m'mawondo n'kuchita chikasu. Zaka ziwiri kalembera wa makuponi anamudumpha. Mayiyo anali atanena kuti akamudumphanso awachotsa ana sukulu, abwerere nawo ku esiteti azikathyola fodya. Nkhaniyi inawadya moyo a Lameki.

Akazi awo, a Elube, anali munthu wosakonda phokoso. Anawauza kuti m'malo modana ndi mudzi wonse, angomupungulira mayiyo ndowa imodzi pa thumba lawo la feteleza. A Lameki anapukusa mutu.

"Ndowa yathu ndi chifundo, ndipo chifundo chimatha tsiku lomwe wandikwiyitsa," anatero. "Mayi uja akagula sopo kapena mafuta anyale amadula msonkho ngati ife tomwe. Alembedwe dzina basi."

Tsiku la kalembera anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. Wapampando wa komiti, a Lucious Mphonda, ankaitana mayina, anthu n'kumavomera, alangizi a zaulimi n'kumalemba. Malo anali makumi anayi okha, ndipo atadzaza, a Lameki anaimirira n'kufunsa za mayi wamasiye uja. Anthu anang'ung'udza kuti ameneyo ndi wobwera, mkazi wa tenanti, akalandirire kwawo. A Lameki sanakweze mawu. Anangopempha kuti lamulo lapamudzi linenedwenso, kenaka anafunsa amayi kuti ankatunga madzi oumbira njerwa kuchokera kudambo ndani.

Amayiwo anayang'anizana. Bodza likadawavuta, chifukwa onse anamuona Fainala akusenza madzi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse osajombapo, ena atathawira kumsika. A Lameki anatambasula manja, nkhope ili ngwee, poona kuti mlandu awina.

Apo ndi pamene a Feggie, mayi wodziwika ndi pakamwa posasunga mawu, anafunsa ali chikhalire.

"Mwanena zoona a Phungu. Nanga inuyo mapazi anuwo analiponda liti dothi lija?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Kunena zoona, a Lameki ku njerwako anafikako kawiri, ndipo maulendo onsewo anakhala pachulu ndi wailesi yawo, n'kumafotokozera oumbawo ubwino wa maphunziro. Chikombole sanachigwirepo. A Elube nawo miyezi imeneyo anali ku Mtunthama kodwazika mayi awo, choncho banja la a Chadza linalibe njerwa ngakhale imodzi pa uvuni uja. Komiti inangowalemba chifukwa anabadwira pomwepo.

A Lucious anamwetulira n'kunena kuti kuti wina alowe, wina atuluke. Ankadziwa kuti munthu wamkulu akafika pamenepa amakhosomola n'kukhala pansi. A Lameki anachitadi mantha, chifukwa munda wawo nawonso unali wotopa, ndipo feteleza wa m'sitolo sakadamukwanitsa ndi ndalama zomata machubu. Anayang'ana kwa a Elube, koma iwo anali atazyolika.

"Lamulo ndi lomwelo kwa tonse," anatero a Lameki. "Alangizi, fufutani dzina langalo mulembe lake."

Masiku atatu a Elube sanawayankhule. Atatsegula pakamwa, anawauza kuti popeza akonza dziko, tsopano akonze munda. Kuyambira tsiku limenelo anthu ankawaona a Lameki akukankha njinga yolemedwa ndi matumba a manyowa a ng'ombe opempha m'makola a eni, thukuta lili kamukamu. Ngakhale pamenepo sanasiye kulalikira. Aliyense wowaseka ankamuimitsa n'kumuuza kuti boma liyenera kuphunzitsa anthu za manyowa.

Makuponi atafika, anthu anasonkhananso pabwalo lomwe lija. A Lameki anapita ngakhale analibe choti alandire, atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukhala kutsogolo. Mkulu wochokera ku ofesi ya zaulimi anaitana mayina mmodzimmodzi mpaka anafika pa lomaliza.

"Fainala Makwinja."

Palibe anadzuka. Mkuluyo anaitananso, n'kuyamba kuyang'ana pepala lake ngati walakwitsa. Fainala anali pomwepo, kumbuyo kwa amayi anzake, akucheuka ngati ena onse kufuna kuona mwini dzinalo. Chichokereni ku Phalombe zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, panalibe amene anamuitanapo ndi dzina la bambo ake, ndipo pagulu sanayembekezere kulimva.

A Elube ndi amene anamugwira pamkono.

"Dzukani mayi, akuitana inu."