Manambala Awiri a Salome

Atamuika m'manda mwana wake Malizani, Salome anabwerera kunyumba za antchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo ndi funso lomubaya mtima: chamupha n'chiyani?

Mwanayo ankalandira mankhwala a khansa ndipo ankapezako bwino. M'mawa wina wa dzinja anadzuka thupi lili moto. Koma kwa othyola tiyi kutentha thupi kulikonse ndi malungo, ndipo malungo amadikira mpaka masamba akwere pasikelo madzulo. Salome anamumwetsa panado n'kunyamula dengu. Pofika kuchipatala, madzi anali atafika kale m'khosi.

Anzake a m'munda, omwe udokotala wawo sufuna sukulu, anagamula msanga. Ena anati malungo, ena anati ufiti. Amene anamuuza zoona ndi namwino wina, a Triza.

"Mayi, mankhwala a khansa amachepetsa maselo oyera a magazi, asilikali a m'thupi aja. Tizilombo tikalowa m'magazi sitipeza wotiletsa. Mwana wotere akatentha thupi, sitidikira."

"Ndiye ndinamupha ndine?"

"Ayi, simunkadziwa. Ndipo osadziwa ndi ambiri."

Mawu amenewo anamusowetsa mtendere. Anabwerera kusukulu ali mayi wamkulu, ana akumutcha agogo a kalasi. Mayeso a folomu folo anamugwetsa, iye n'kudzuka, n'kulembanso. Kenako anaphunzira ntchito yopatsa matenda manambala, kuti chipatala chidziwe chimene chikusautsa anthu ndi mankhwala oti chisunge.

Tsiku lina mphunzitsi wawo, a Douglas, anati, "Tizilombo m'magazi tili ndi nambala yake, kuchepa kwa maselo oyera kulinso ndi yake. Mukalemba imodzi yokha, odwala otere sawoneka, ndipo wosawoneka samukonzekera."

Salome analira m'kalasi momwemo. Chimene chinamulanda mwana chinali ndi dzina.

Lero amagwira ntchitoyo pachipatala, ndipo Loweruka amayenda m'nyumba za pa esiteti kuchenjeza amayi. Mwezi watha analandira fayilo ya mwana wa Anesi, mnzake wa m'munda, yemwe anasiya dengu pakati pa tiyi n'kuthamangira kuchipatala mwanayo atangotentha thupi. Salome analemba manambala onse awiri. Pansi pa fayiloyo panalembedwa kuti mwanayo watuluka ali moyo.

Malizani sadzabwerera, ndipo chisonicho sichinathe. Koma inu amene mukulira lero, musataye mtima. Misozi yanu ikhoza kupulumutsa mwana wa mnzanu.