Kalata ya Dimba Imene Bambo Anapereka ndi Manja Awiri

Bambo anga sakhulupirira mapepala a fotokope. Anaphunzitsa m'sukulu za mishoni mpaka kupuma, ndi mkulu wa mpingo, ndipo kwa iwo kupatsa munthu wamkulu pepala lojambulitsa n'chimodzimodzi kumupatsa madzi m'kapu yosatsuka. Ulemu umenewu ndi umene unatitayitsa dimba.

Dimbalo lili kumunsi kwa mudzi wathu, cha kwa Dzoole, pamalo pomwe chinyontho sichitha ngakhale mu Okutobala. Bungwe lina la boma litabwera kudzayeza malo oti likulitse ntchito yake, zikhomo zawo zinalowa mpaka m'nzimbe zathu. Bambo sanatekeseke. Anali ndi kalata yakalekale yolemba pamanja, yofotokoza malire a dimbalo, yokhala ndi chidindo ndi mboni zisanu.

Tsiku lopita nayo ku ofesi ya bungwelo ndinawachonderera kuti tiyambe taijambulitsa, yeniyeniyo itsale pakhomo.

"Iwe, anthu aja ndi akuluakulu," anatero akuvala jekete. "Ndikawapatse chithunzi ngati ndikuwakayikira?"

Anakapereka kalata yeniyeniyo. Ngakhale kapepala kosonyeza kuti yalandiridwa sanapemphe, ati kutero n'kumutcha mnzako wakuba. Patapita miyezi, waya anazinga dimba lonse. Titafunsa za kalata ija, anangoti fayilo inapita kwa maloya a bungwelo.

Masiku amenewo pawailesi pankamveka za lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata m'maofesi a boma. Ine ndiye ndinati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndinapempha tchuthi kusukulu imene ndimaphunzitsa ku Ntchisi, ndinapita ku ofesi ya bungwelo, ndinadzaza fomu yawo mosamala kuposa mayeso alionse omwe ndinalembapo, n'kudikira. Tsiku loti ndikamve yankho ndinapeza mayi wina pa desiki, wofatsa bwino, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunandipsetsa mtima kwambiri.

"Pepani amayi," anatero, "zimene ofesi yakambirana ndi loya wake ndi chinsinsi. Lamulo lomwelo silitilola kuzitulutsa."

"Za loya wanu ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna pepala la bambo anga."

"Ngati lilipo, lili m'fayilo yomweyo."

"Ndiye lichotsenimoni."

"Ine ndilibe mphamvu zotsegula fayilo imeneyo, amayi."

Ndinatuluka. Ndinakwiyira mayiyo, ndinakwiyira lamulo, koma kunena zoona amene ndinawakwiyira kwambiri ndi bambo.

Mnzanga wina wa kutchalitchi, amene amagwira ntchito kukhoti, anandiuza kuti akutinamiza. Chinsinsi cha loya chimaphimba malangizo ake okha, osati kalata imene inalembedwa loyayo asanabadwe n'komwe. Anati tikhoza kukadandaula ku Lilongwe. Kenaka anafunsa ngati tili ndi umboni woti kalatayo inaperekedwadi. Tinalibe. Nanga mboni zisanu zija? Anayi anatisiya kale, wachisanu masiku ano sazindikira ngakhale ana ake. Mnzangayo anangoti, "Mayo ine," n'kuyamba kukamba zina.

Ndinalemberabe ku Lilongwe, kawiri. Bungwelo linayankha kuti silikupeza paliponse polembedwa kuti linalandirapo kalata yotero.

Chibwerere kuchipatala ku Mtengowanthenga komwe anagonekedwa chaka chatha, dzanja la bambo limanjenjemera, satha kulemba. Ndikapita kumudzi amandikhazika pakhonde, iwo kumanena ine kumalemba makalata opita ku bungwelo. Kalata iliyonse imayamba ndi kupepesa powavutitsa mabwanawo. Akasaina movutikira, ndimaipinda n'kuika m'chikwama. Ndinasiya kalekale kuzitumiza, ndipo chikumbumtima chimandipweteka, koma kuwauza kuti dimba linapita sindingathe.

Mwezi watha ndikutsanzika anandifunsa, "Kodi ayankha?"

"Sanayankhebe, bambo."

"Ali ndi ntchito yambiri anthu aja," anatero. "Tisawathamangitse. Mbewu ya nzimbe ndasungitsa kwa achimwene ako, tidzabzala akatibwezera."