Msangu wa m'chidebe

Loweruka, 7 Disembala. Dzulo ine ndi amayi tinachoka ku South Bend kubwera kuno ku Lawrence, m'chigawo chomwechi cha Indiana ku America, kudzathandiza azakhali kulongedza katundu. Amuna awo anamwalira mu Epulo, ndiye akusamukira m'nyumba yaing'ono pafupi ndi chipatala chimene amagwirako ntchito.

Ndabwera ndi homuweki ya bayoloje: kuyerekeza nyama imene ikutha ndi mtengo uliwonse. Nyama ndinasankha wombati ya ubweya pamphuno, ya ku Australia, imene imalera mwana m'thumba la pamimba. Zatsala zochepa, ndipo ndinawerenga kuti akaigwira n'kuitsekera imakana kudya. Mtengo ndinali ndisanaupeze.

Masana, pakati pa zinthu zokataya, ndinaona chidebe muli kamtengo kaminga kondifika m'chiuno, kopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

"Msangu wa ankolo ako umenewo," anatero azakhali. "Anachita kufesa okha njere. Wawatsatira eni ake. Lolemba upita ndi galimoto la zinyalala."

Amayi anasiya kumata katoni. "Alamu, masamba ayoyoka liti?"

"Lachiwiri. Tsiku limodzi, onse pansi."

Amayi anatsegula foni n'kutionetsa kavidiyo kochokera kwa abale ku Salima: mvula yoyamba, Lachiwiri lomwelo. Anati msangu suyendera limodzi ndi mitengo inzake. Mvula ikagwa umavula masamba, m'chilimwe ndi m'mene umaphukira.

"Koma wadziwa bwanji?" ndinafunsa. "Panja pali sinowo, m'nyumba muli hita."

Azakhali anati, "Chaka chilichonse ankolo ako ankauyang'ana n'kundiuza kuti kwathu yagwa. Ndinkati ndi nthabwala. Ayi, kumene ndikupitako usanditsate."

Onse awiri atatuluka, ndinapala khungwa la msanguwo ndi chikhadabo. Mkati munali mobiriwira, monyowa.

Papepala ndalemba kuti wombati ukaichotsa kwawo imasiya kudya, pamene msangu umamwa madzi a kumpopi wa ku Indiana, umakula, koma nyengo umasungabe za kwawo kumene sunakuonepo. Ine ndinabadwira kuno. Sindikudziwa ngati zimenezi aphunzitsi angazitenge ngati sayansi.

Mawa ndidzaufunditsa bulangeti kuti usazizidwe, tibwerere nawo ku South Bend. Amayi akadzati m'buti mwa galimoto mwadzaza, ndidzaunyamula pamiyendo, ndi minga yake yomwe.