Chikhothi chotuwa kudambo

Dzulo pa kaunjika ndinagwira chikhothi chotuwa chonunkha chinyontho, ndipo ndinakumbuka m'mawa wina wachifunga ku Mlangeni.

Ine ndi amayi tinkapita kukakumba mbatatesi. Abambo anali atatha zaka zitatu ku Joni, ndipo pochoka anavala chikhothi chonga chimenechi. Kumunsi kwa dambo ndinaona munthu wamtali ataima phee, atakweza mapewa. Ndinaponya dengu pansi.

"Amayi, abambo aja abwera!"

Amayi anaika dzanja pachipumi n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa ine.

"Ndi kakowa uyo, wamkulu wotuwa uja, wodya achule. Taona khosilo. Tola dengu tizipita."

Mbalameyo inatambasula mapiko n'kuuluka mwaulesi, miyendo ili lende. Amayi anali asanatsitsebe dzanja pachipumi.