Tsiku Lomwe Jeneleta Inazima ku Nyimba

Lelo mnansi wanga wayatsa jeneleta, ndipo fungo la petulo landibwezela ku Nyimba, masiku a chipani chimodzi. Amalume ankaonetsa vidiyo kuseli kwa sitolo yawo, m'chipinda chomwe mazenela ake ankatseka ndi masaka.

Masana ena anaika gawo lachiwili la filimu ya kalate. M'gawo loyamba achifwamba anapha mphunzitsi wa mnyamata wina, ndiye anthu anadzaza kudzaona kubwezela kwake. Mnyamatayo ankathyola adani mikono, magazi ali chuchuchu, ife tikukuwa. Atangomupeza mkulu wa achifwambawo, jeneleta inatsokomola n'kuzima.

Anthu analusa. Bambo wina wokonza njinga ananyamula benchi kuti aphwanye vidiyo.

"Dikilani, bambo!" anakuwa mlongo wanga wamkulu. "Ine ndinaionela ku Petauke. Ndikuonetsani mathelo ake."

Ine ndinkadziwa kuti ku Petauke sanapondeko chibadwile. Anachotsa saka pazenela, namanga chitenje m'chiuno, naima pomwe panagwa kuwala. Anasanduka mnyamata uja, anasandukanso wachifwamba. Anaponya mwendo mpaka patapata yake inakagunda malata. Anagwa, anadzuka akupukuta pakamwa, fumbi lili koboo.

Bambo uja anatsitsa benchi pang'onopang'ono n'kukhalapo, kukamwa kuli yasa. Mlongo wanga atamugwila pakhosi mdani wosaonekayo, anaima n'kutiyang'ana, thukuta likuyendelela.

"Ndimusiye?" anafunsa.

"Iyayi, mayi!" anakuwa bamboyo, akudzimenya pabondo. "Mutsilizeni ameneyo!"