Maso a Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pamene ndinayang'ana nkhope ya bambo anga mwachindunji. Musaseke. Ndili kamwana ndinkawaona ndithu, koma chivinidwire chinamwali maso anga sanakwerenso kupitirira mawondo awo. Ndiwo unali mwambo wa pakhomo pathu ku Ntaja. Ababa akakuitana unkagwada chapatali, n'kuzyolika, n'kuyankha ndi mawu oti ngakhale nkhuku yogona isadzidzimuke. Ine ababa ndinkawadziwa mapazi, nkhwayira zawo zakuda, ndi manja awo polandira madzi osamba.

Anali telala, ankasoka pakhonde la golosale ina pamsika. Amayi anatisiya ndili Sitandade 7. Abale a amayi anafuna kutitenga monga mwa chikhalidwe, koma ababa anakana kwamtuwagalu, ndiye tinakula nawo ine ndi alongo anga awiri aang'ono. Sanali ankhanza iyayi. Anali munthu wa mawu ochepa, wochoka m'bandakucha akaswali, wobwera dzuwa litapendeka.

Nditakhoza mayeso a Fomu 4 ndinafunsira malo a unamwino pa yunivesite ina ya mishoni ku Blantyre. Ofuna malowo anali namtindi, ochokera m'masukulu a mayina akuluakulu, pomwe ine ndinachokera pa sekondale yoyendera yopanda ndi chipinda cha sayansi chomwe. Tsono atandiitana kuti ndikayesedwe pakamwa, intavyu imene, ndinathamangira kwa a Mayi Likongwe, amene ankatiphunzitsa Bayoloje. Anali Mkatolika wa ku Utale, mayi woti pakamwa pake panalibe chitseko.

Anati tiyeserere. Anakhala kuseri kwa tebulo lawo, ine n'kutuluka, n'kugogoda. Nditalowa ndinagwada pakhomo pomwepo monga ndinazolowera.

"Asiyatu, wadzapempha mchere?" anandifunsa. "Dzuka! Kumeneko akufuna namwino, sakufuna mtengwa."

Ndinakhala pampando chakunsonga. Mafunso ndinkawadziwa onse, mayankho ndinali nditaloweza ngati ndime za kumadrasa, koma ndinkayankha ndikuyang'ana simenti. A Mayi Likongwe anamenya tebulo mpaka choko chinadumpha.

"Mwana iwe undipha ndi mtima. Nzeru uli nazo, koma ukakachita zimenezi akakudumpha, akatenga wina wosadziwa kanthu wongotha kutong'ola maso. Tandiuza, munthu amene umamuopa kuposa onse ndani?"

"Ababa."

"Basi. Ukayeserere ndi iwowo. Ukatha kuwayang'ana iwo m'maso, a ku Blantyre aja ndi ana."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Kani mayi aja tsiku lomwelo anatenga chitenje chawo n'kupita nacho pakhonde paja ngati akukasoketsa, n'kukawafotokozera ababa zonse. Zimene anakambirana sindizidziwa mpaka lero.

Linali Lachisanu. Ababa atabwera kumzikiti ku swala ya masana sanabwerere kumsika. Ndinamva akukoka mpando, ule wokhala alendo, n'kuutulutsa panja pansi pa mtengo wa mango. Anatulutsanso wina. Kenaka anandiitana, ine n'kugwada pamalo anga a masiku onse.

"Khala apo," anatero, akuloza mpando.

Abale inu! Ine kukhala pampando, ababa ali pomwepo? Alongo anga anasiya mpira wawo wachikulunga n'kuima kukamwa kuli yasa. Ndinakhala.

"Dzina lanu ndani, mayi?" anafunsa ababa ndi mawu onenepetsa dala, ofuna kumveka ngati bwana wa mu ofesi.

Ndinayankha ndikuyang'ana nyerere zimene zinkakoka nyenyeswa pafupi ndi phazi lawo.

"Aphunzitsi ako akuti undiyang'ane. Ndiyang'ane, mwanangu. Sindiluma."

Ndinayamba kukweza maso pang'onopang'ono. Mkanjo wawo woyera. Mabatani. Khosi, limene linandidabwitsa kuwonda kwake. Ndevu zoti ndinkaziyesa zakuda, kani zinachita imvi kalekale. Masaya olowa m'kati. Kenaka maso.

Mayo ine! Paja m'diso pamayera, mwa ababa munali chikasu chokhachokha, ngati m'kati mwa dzungu lakupsa. Ndinaphethira poganiza kuti mwina ndi dzuwa lodutsa m'masamba. Iyayi, sanasinthe. Khungu la pamphumi nalonso linali ndi mtundu wachilendo. Chithunzi cha maso otere ndinali nditachiona m'buku la a Mayi Likongwe, pamutu wa chiwindi, ndipo funso lake ndinalikhoza pamayeso. Sindinaganizepo kuti ndidzachipeza pansi pa mango wathu chitavala chisoti cha ababa.

Nthawi yomweyo zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu mwanga. Kwa miyezi ababa ankabwera ndi nzimbe tsiku lililonse n'kumatafuna okha, ine ndinkangoti ayamba kukonda zotsekemera, osakumbuka kuti kwathu amati nzimbe zimachiza chikasu. Ndinkawamva akudzikanda kuchipinda kwawo. Pochapa ndinkaona kuti mathalauza awo awabweza m'chiuno, ine n'kumayamikira luso la telala. Mbale zinkabwerera chakudya chili chomwecho, ine n'kumati ndiwo sizinakome.

"N'chifukwa chiyani mukufuna ntchito ya unamwino?" anapitiriza ababa ndi mawu awo a ubwana aja.

"Ababa, maso anu."

Kenaka anayang'ana kumbali, iwo, bambo anga, kuthawa maso a ine.

"Yankha funso."

"Maso anu ndi achikasu. Mukudwala chiwindi. Tiyeni kuchipatala."

"Anzanga kumzikiti ananena kale zimenezo. Ndikumwa mankhwala a zitsamba. Nkhani ya maso anga idikire ukabwereko ku Blantyre."

"Iyayi, ababa."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa iwo chibadwire. Anatuluka okha, ndipo ine ndemwe ndinadzidzimuka nawo. Mlongo wanga wamng'ono anathawira kuseri kwa nyumba poyesa kuti kugwa mbama.

Ababa sanakalipe. Anandifotokozera mofatsa, ndipo ndi pamene ndinamvetsa kuti anali ataziganizira kale zonse. Anati akapita kuchipatala akawagoneka, ndipo wogonekedwa amafuna womudikirira, womuphikira ndi kumusambitsa. Pakhomo panalibe mkazi wina koma ine. Intavyu inali sabata yotsatirayo, ndipo mwayi wotere subwera kawiri kwa mwana wa telala.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero. "M'mimba ndi mwanga. Ndikafuna nditsegula ndekha."

"Mukapanda kupita kuchipatala, inenso ku Blantyre sindipita."

Ndinanena ndikuwayang'ana, misozi ikutsika, mamina ali chuchuchu, koma maso sindinatsitse. Tinayang'anizana nthawi yaitali. Pomaliza anapukusa mutu.

"Mayi uja wandiwonongera mwana," anatero, n'kunyamula mpando wawo kulowa nawo m'nyumba.

M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale, atakhala pakhonde, kachikwama kali pamiyendo. Pachipatala chaching'ono cha pafupi sanatichedwetse, anangowayang'ana n'kutilembera kuti tipite ku chipatala chachikulu cha boma. Mu minibasi tinakhala moyandikana, mapewa kugundana, chinthu china chimene chinali chisanachitikepo. Ndinkamva mafupa awo kudzera mu mkanjo.

Adokotala amene anawayeza anali mnyamata ndithu, waulemu. Anawagoneka, n'kuwasindikiza pamimba kumanja, ababa n'kuluma mano. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndinu mwana wawo? Mumakhala nawo nyumba imodzi?"

"Eya."

"Maso awa anayamba liti kusintha?"

Sanafunse monyoza iyayi, linali funso wamba la ntchito yawo, ndipo cholembera chinali m'manja kudikira yankho. Ine amene ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwagwadira m'mawa ndi madzulo, ine wofuna unamwino, sindinkadziwa. Anayankha ndi ababa okha, kuti chiyambire Ramazani. Ramazani inali itapita kalekale, anthu anali atakolola n'kuyamba kusosa.

Anawagoneka m'wodi monga ababa ananenera. Ndinayala chitenje pansi pa bedi lawo, ndipo masiku amenewo ndinaphunzira zambiri kuposa za m'mabuku: kutembenuza munthu wamkulu osamupweteka, kumumwetsa phala ndi sipuni iye akukana, kulimbirana moto ndi amayi anzanga kukhitchini ya odikirira odwala. Za intavyu ndinali nditazitaya. Koma ababa anali atatumiza mawu kwa mlongo wawo, azakhali anga a ku Nselema, ndipo kutatsala tsiku limodzi anatulukira ndi mtolo pamutu, akupuma wefuwefu.

"Iwe nyamuka," anatero azakhali. "Mlongo wanga ndinayamba kumusambitsa iwe usanalotedwe n'komwe."

Ndinapita ku Blantyre mtima uli m'wodi. M'chipinda cha intavyu munali anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Sindinagwade. Ndinawayang'ana, ndipo choseketsa n'chakuti sindinkawaopa n'komwe, ndinkangowayeza maso mmodzimmodzi kuti ndione ngati ali oyera. Atandifunsa chifukwa chimene ndikufunira unamwino, yankho loloweza lija la kutumikira dziko linauluka. Ndinangoti bambo anga ali m'chipatala, ndipo ndinachedwa kuona kuti akudwala. Mayi wina wa magalasi anandifunsa kuti ndinaona chiyani, ndipo ndinafotokoza zonse, za nzimbe zomwe.

Pobwerera ndinapeza azakhali akundidikirira panja pa wodi. Anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi. Anati ababa anawajambula m'mimba, ndipo adokotala auza azakhaliwo kuti ndi khansa ya chiwindi, yafalikira, palibenso chochita koma kuchepetsa ululu. Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi, ndi siketi yanga ya intavyu.

"Tawauza kuti ndi chikasu wamba, apeza bwino," anatero azakhali akundigwira phewa. "Wodwala sauzidwa zotere, amafa ndi mtima. Iwe ndi sukulu yakoyo usakatsegule pakamwa. Wamva?"

Ndinavomera. Ndinasukusula kumaso pampopi, n'kulowa.

Ababa anali atatsamira pilo, dripu ili pamkono. Anandifunsa za ulendo, za anthu atatu aja, ngati ndinayankhula momveka. Ndinayankha zonse ndikukonza bulangete limene linali lokonzakonza kale. Azakhali atatuluka kukaona mphika, ababa anandigwira dzanja.

"Azakhali ako chiyambire dzulo akuyankhula ndi khoma," anatero. "Anamwino akuyankhula ndi botolo ili. Tsopano nawenso wayamba kuyankhula ndi bulangete. Asiyatu, ine ndili ndi ana aamuna awiri osadziwa ndi kulowetsa ulusi pa singano komwe. Ndikufuna kudziwa ngati ndili ndi nthawi. Adokotala akuti chiyani?"

Ndikanatha kunama. Aliyense akanandiyamikira, ndipo azakhali akanati ndine mwana womvera. Koma munthuyo anali atandigwira dzanja, akundiyang'ana, akudikira. Ndinawauza. Ndinatchula dzina la matendawo, ndinati sachizika, ndinati nthawi yatsala yochepa. Anamva liwu lililonse.

Anatseka maso. Milomo yawo inkayenda, akutchula dzina la Mulungu chamumtima. Atatsegula anati, "Zikomo, mayi. Tsono kawauze atitulutse. Ndikufuna kunyumba."

Azakhali sanandiyankhule mwezi wathunthu. Ankauza aliyense wobwera kudzazonda kuti ana a sukulu alibe chisoni. Koma ababa masabata amenewo sanawataye. Anaitanitsa makina awo kumsika n'kuwaika pakhonde pathu, ndipo ali chigonere pamphasa ankalangiza wamkulu mwa alongo anga awiri aja kudula nsalu ndi kupalasa. Anaitana abale a malemu amayi n'kugwirizana nawo za kumene anyamatawo adzakhale. Anapempha chikhululuko kwa mnzawo wina amene anayambana naye zaka zambiri kumbuyoko. Ine anandilamula pamaso pa anthu kuti dzina langa likatuluka ndipite, pasapezeke wondiletsa. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Mayina anatuluka titaika kale maliro, ndipo langa linalipo.

Lero ndine namwino, ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri kuno ku Balaka. Atsikana odikirira makolo awo ndimawaona tsiku ndi tsiku, ogwada bwino, olankhula motsitsa, ndipo ndikawafunsa kuti matenda anayamba liti amangozyolika. Sindiwakalipira. Ndimawagwira dzanja n'kuwaimika kumutu kwa bedi, n'kuwasonyeza poyang'ana: m'maso, m'milomo, m'zikhatho. Ena amachita manyazi mpaka kuseka. Ndimawauza kuti ayang'ane basi, bambo awo sawaluma.

Ulemu umene ndinkawapatsa ababa unali weniweni, ndipo sindinyoza amene anandiphunzitsa. Koma ndazindikira kuti munthu ungathe kumugwadira tsiku lililonse iye akutha pamaso pako, iwe osadziwa. Madokotala amene ndimagwira nawo ntchito amandiuza kuti matenda aja ngakhale ndikanawaona msanga mwina sakanachira, ndipo mwina akunena zoona. Chimene chimandiwawa ine ndi china. Ababa sanajambulitsepo chithunzi. Ana anga akandifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, nkhope imene imabwera ndi yodwala ija, ya masaya olowa ndi maso achikasu. Inayo, ya masiku onse amene anali bwinobwino, ndinali nayo m'nyumba zaka zonsezo, ndipo sindiidziwa.