Bambo ndi Sikelo Yawo

Bambo anga anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu, kuyeza makalata ndi maphukusi a anthu. Kalata yako ikapitirira ndi kagalamu kamodzi, ankakubweza kuti ukagule sitampa ina, ngakhale utakhala mlamu wawo. Koma za kukhitchini kwathu ankangodziwa pamene pali chitseko. Ndi madzi akumwa omwe ankachita kuitanitsa ali pampando.

Ndiye dokotala atanena kuti amayi ali ndi matenda a shuga, ndiponso kuti chilonda cha pachala chawo chakuphazi chikapanda kupola chalacho achidula, tinaona malodza. Bambo anabwera ndi kasikelo ka mabatire, kakang'ono kaphanthiphanthi, koonetsa manambala pagalasi. Anakaika patebulo la kukhitchini n'kukoka mpando. Abwana anali atapeza ofesi yatsopano.

Amayi akhala akuphika masikono Loweruka lililonse kuyambira ndisanabadwe, ndipo muyezo wawo ndi dzanja. Tsopano ufa unkayamba wakwera pasikelo, majarini pasikelo, ngakhale dzira, ngati kuti nkhuku ingaikire mwachinyengo. Shuga ndiye anamuikira lamulo: magalamu khumi ndi asanu, osapitirira.

"Abambo, masikono amenewa adya ndani? Ndi nyerere zomwe ziwakana," amayi ankatero.

"Nyerere zilibe chilonda," bambo ankayankha, maso ali pamanambala.

Tchimo langa ndiliulule. Ndine amene ndinawaonetsa amayi kabatani kobwezera sikelo pa ziro. Kabatani kameneka n'kosalakwa: ukaika mbale kapena ukamaliza kuyeza ufa, umakadina kuti zimene zili kale pasikelo zisawerengedwenso. Koma amayi mutu wawo umagwira, musawaone kufatsa. Ufa ukayezedwa, ankatuma bambo kukatenga chikombe cha mkaka. Bambo akangotembenuka, iwo masipuni atatu a shuga khuthu, kukwirira ndi ufa, kudina, sikelo n'kulumbira kuti sinaone kanthu. Bambo pobwera ankathira magalamu awo khumi ndi asanu mosamala, atagwira mpweya. Masikono ankatuluka okoma, bambo n'kumadzitama kwa aneba kuti, "Mwaona? Nkhani ndi kuyeza." Ine ndinkaseka mpaka misozi.

Patatha miyezi iwiri kuseka kunatha. Kuchipatala anati shuga sanatsike, ndipo chilonda chayamba kuda m'mbali. Bambo atabwerako analunjika pa sikelo yawo. Anasintha mabatire. Anayesa sikelo ndi paketi ya mchere yosatsegula, inanena zoona. Ine ndinkangoyang'ana kumbali manyazi atandigwira, chifukwa chala cha amayi chinali kupita ine ndikudziwa njira imene chikudzera. Koma kuneneza mayi ako kwa bambo ako, munthu umayambira pati?

Mwayi wanga, munthu wa ku positi ofesi sumupusitsa mpaka kalekale. Loweruka lotsatira, amayi asanalowe kukhitchini, bambo anayeza chitini chonse cha shuga. Masikono atalowa mu uvuni, anachiyezanso amayi akuona. M'malo mwa magalamu khumi ndi asanu, panali patachoka oposa makumi asanu.

Ndinkayembekezera kuti denga lisasuka. Koma bambo anangokhala pansi n'kuvula magalasi.

"Mayi, ine kuphika sinditha, kuchapa sinditha. Chimene ndinaphunzira pamoyo wanga n'kuyeza basi, ndiye ndimati ndikuthandizeni nacho. Ndikuopa, mayi. Akayamba kudula chala sathera pomwepo."

Amayi anapukuta manja pansalu, osafulumira.

"Mukuopa? Inu amene mumamwa tiyi wa masipuni anayi mutakhala moyang'anizana nane, kutakasa mpaka kapu kulira? Ine ndizimwa madzi otentha ngati ndikutsuka m'mimba, inu mukunyambita milomo. Wanuyo munamuyezapo?"

Aka kanali koyamba kuwaona abwana atagwidwa ndi katundu wopitirira muyezo. Anadzuka, ananyamula chitini cha shuga chija n'kukachisiya kwa aneba. Masikono atapsa, nawonso analondola komweko, ine ndikumeza mate.

Nthawi ya tiyi itakwana, amayi anawathirira bambo kapu yodzaza bwino, mwaulemu wonse. Bambo atangomwako kamodzi, nkhope inakwinyika ngati alumidwa ndi mavu.

"Imwani, abambo, musachite manyazi kulira," amayi anatero. "Ine ndamwa ameneyu miyezi iwiri, sindinafe."

Bambo anamwa mpaka pansi, misozi ili lengelenge. Kenako amayi anakweza phazi lawo n'kuliika pamiyendo pa bambo, chinthu chimene ankawakaniza chiyambire matendawa.

"Masulani bandejiyo muone nokha mmene chilili," anatero. "Koma manja anuwo asanjenjemere, mundipweteka."